Ajaji Akana Kulowa mu Holo ya Amalume

Lolemba, 4 Meyi

...ndiye nditangoikwapula gitala kachiwiri, achemwali, denga la holo linangoti nyamu! Malata onse m'mwamba ngati nkhunda. Anthu zikwizikwi kukuwa, amayi kukomoka mizeremizere, mwini holo kugwada pansi kundipempha kuti nditsitseko mawu denga lake libwerere. Ndinamumvera chisoni munthuyo, ali ndi ana. Ndinatsitsa, linabwerera.

Pepani, tsamba loyamba la kalata ino woimba ng'oma wanga wapukutira mafuta a minibasi, ndiye moni yense wapita nalo. Ndiyambirenso. Muli bwanji kumeneko? Makina osokera akulirabe? Nanga Ajaji, mwana wanu mmodzi yekhayo, akuweruzabe milandu ya m'nyumba? Ine mlongo wanu wamng'ono, amene dziko lonse likumutcha Mkokomo, ndili bwino mopitirira muyeso. Ndanenepa mpaka lamba wa gitala tachita kumulumikiza ndi chingwe.

Ulendo wathu woimba tauni ndi tauni ukuyenda ngati moto wolusa. Ndipo mudziwe kuti ulendo uno si wongovinitsa anthu ayi. Ndagwirizana ndi bungwe la makolo a ana a otizimu, aja amene ubongo wawo umagwira ntchito mwanjira yakeyake monga Ajaji, ndiye paliponse ndisanaimbe nyimbo yomaliza ndimaimitsa ng'oma n'kulankhula. Ndimati, "Ine ndili ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wamkulu ndithu, mutu wake ndi wakuthwa kuposa nonse muli muno kukuphatikizani pamodzi. Koma kusukulu anamubweza ati amagwedezeka pa desiki. Pa ukwati anamutulutsa ati amatseka makutu. Anthu awa ali ndi ufulu wolowa paliponse pamene inu mumalowa!" Ndikatero, achemwali, ngakhale alonda a pakhomo amalira, zibonga zili m'manja.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Loweruka lomaliza la mwezi uno tikudzatsekera kwathu konko, mu holo ya pafupi ndi msika. Ndikufuna Ajaji adzakhale pampando wakutsogolo. Chibadwire sanandionepo ndikuimba, amangondimvera pa wailesi ngati munthu amene anamwalira kalekale. Auzeni ayambe kusita diresi.

Yankho mupatse kondakitala wa basi ya m'mawa, amadziwa kumene tili. Foni yanga inapsa chifukwa cha kuchuluka kwa ondiimbira.

Ndine wanu wotchuka,
Mkokomo

Lachisanu, 8 Meyi

Kamlomo,

Za Mkokomozo uzikauza anthu amene sanakusambitsepo. Kuno tili bwino, makina akulira, makasitomala akudandaula monga mwa masiku onse. Takondwa kumva kuti wanenepa, ngakhale kondakitala akuti ukadali ngati ndodo ya tsache.

Kalata yako yafika ikununkha dizilo. Koma iwe, wayiwala nyumba imene ukulembera? Muno kalata iliyonse amawerenga ndi Ajaji, mokweza, ataima pafupi ndi makina anga, ndipo kwa iye chimene chalembedwa ndiye chachitika. Atafika pa denga paja anaima. Anandifunsa kuti malatawo pobwerera anadula anthu angati. Ndinati, "Amalume ako amakokomeza akamalankhula." Iye anati, "Sanalankhule. Alemba."

M'mawa mwake anandikoka mpaka ku holo ya kumsika. Tinaima panja dzuwa likutiwamba, ine ntchito ya anthu ili mbwee kunyumba, iye maso ali kudenga. Anafunsa mlonda ngati misomali yake ndi yaitali. Mlonda anati sanakwerepo. Mlandu unathera pomwepo. Ajaji akuti sabwera.

Usaseke, mlongo wanga, chifukwa ine ndimafuna abwere. Nyimbo zako amazidziwa zonse, amaziimba chapansipansi akamapinda mipendero. Tsiku limene a wailesi analengeza za Loweruka lija anatulutsa yekha diresi lake la buluu n'kulipachika pachitseko. Dzulo walipinda, walibweza m'sutikesi. Mwana uyu malo ambiri amutulutsa anthu ena. Sindinaganize kuti pamalo pako adzadzitulutsa yekha asanalowe n'komwe.

China, akufunsa kuti anakuloleza ndani kumakamba za iye kwa anthu zikwizikwi. Umuyankhe wekha.

Lemba msanga, ndipo ulembe zoona, ngati kalembedwe kake ukukakumbukira.

Ndine chemwali wako

Loweruka, 9 Meyi

Achemwali okondedwa,

Moni woyera wopanda mafuta, ulendo uno pepala ndalibisa m'malaya. Muli bwanji nonse? Yankho lanu silinandipeze, koma sindikudandaula, ndikudziwa kuti chimwemwe chakugwirani manja. Ajaji ayenera kuti akungozungulira nyumba, diresi alisita mpaka lang'ala.

Auzeni kuti zimene ndawakonzera maso a munthu sanazionepo. Ndabwereka masipika awiri aatali ngati nyumba yosanja. Tinawayesa dzulo kuseri kwa malo amene tikugona. Mawindo a msewu wonse anangoti phwaa, tambala wa mwini nyumba anaikira dzira ndi mantha, ndipo agogo ena amene anagontha ife tisanabadwe anatuluka kudzatipempha kuti tichepetseko. Tapezanso makina otulutsa utsi, utsi wake woti dzanja lako lomwe umachita kulifunsa kuti lili kuti. Magetsi ndiye musanene, ofiira, obiriwira, othwanima, ozunguza mutu ngati wamwa usanamwe.

Ndiye pakati pa utsi pomwepo ine ndidzatsika pa siteji, ndidzawanyamula Ajaji paphewa, holo yonse idzakuwa dzina lawo mpaka ogulitsa mumsika adzasiya katundu. Ndawafotokozera amayi a bungwe lija, anangoyang'anana osatulutsa mawu. Chisangalalo chikachuluka chimatero.

Munditumizireko uchi wa pakhosi. Mawu ngati awa sakhala pa madzi okha.

Wanu yemwe uja,
Mkokomo

Lachiwiri, 12 Meyi

Amalume,

Moni. Amayi akuti kalata imayamba ndi moni. Ine ndili bwino.

Ndawerenga makalata anu awiri. Sindibwera.

Tambala saikira dzira. Ndafunsa oweta nkhuku. Ngati za tambala si zoona, sindikudziwa ngati za mawindo zili zoona. Ngati za mawindo si zoona, sindikudziwa ngati zoti mukufuna ndibwere zili zoona. Zonse mwalemba ndi cholembera chimodzi.

Sindifuna kunyamulidwa. Ndine wamkulu ndipo inu ndinu woonda. Utsi umanditsokomoletsa. Magetsi othwanima amandipweteka m'mutu mpaka mawa lake. Anthu akakuwa pamodzi khungu langa limamva ngati lalowa pansi pa singano ya makina.

Mumauza anthu kuti ndili ndi ufulu wolowa paliponse. Pakhomo la holo yanu palibe adzandibweze. Koma m'katimo mwaikamo zonse zimene zimandithamangitsa.

Nyimbo yanu ya basi yochedwa ndimaikonda. Wailesi ili ndi pochepetsera mawu. Inu mulibe.

Uchi amayi atumiza.

Ndine Ajaji. Dzinali munandipatsa ndinu. Lilibe vuto.

Loweruka, 16 Meyi

Achemwali,

Moni, koma moni wa munthu wodwala. Makalata anu awiri afika pamodzi lero. Kondakitala anawayiwala pansi pa mpando limodzi ndi uchi, moti nyerere zawerenga ine ndisanawerenge. Ndinawatsegula tili m'minibasi. Woimba ng'oma ataona nkhope yanga anafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati Mkokomo.

Titafika ndinapita kwa mayi wamkulu wa bungwe lija. Ndinati, "Amayi, bwanji simunandiuze?" Anati, "Achimwene, inu mukayamba kulankhula munthu alowera pati? Mwezi wonse timabwera tokha, ana timawasiya kunyumba. Simunaone?" Achemwali, ine ndimayesa anawo alimo, kungoti ndi afupi ndipo utsi ukuwabisa.

Zotsatirazi ndi za Ajaji. Muwapatse awerenge okha.

Ajaji, moni. Kalata iyi ndalemba ndi cholembera china. Ndagula lero, n'chatsopano, sichinanamepo.

Denga silinanyamuke. Linagwedezeka lata limodzi, ndipo kunali mphepo. Anthu sanali zikwizikwi, mipando yopanda anthu inali yambiri kuposa yokhala anthu. Anakomoka mayi mmodzi, ndipo anali asanadye. Alonda salira, mmodzi anali ndi chimfine. Masipika amandilekeza m'chiuno, ndipo imodzi imalira ikafuna. Mawindo onse ali bwinobwino. Agogo aja kulibe. Tambala ndikamupepesa ndekha. Foni inagwera m'ndowa ndikuchapa masokosi. Sindinanenepe.

Dikirani ndipumitse dzanja. Choonadi n'cholemera kulemba, n'chifukwa chake anthu ophunzira amavala magalasi.

Zoti ndikufuna mubwere ndi zoona. Ndayesa kuzikokomeza kuti zimveke bwino, zakana, sizikukula kuposa mmene zilili.

Za kukamba za inu, palibe anandiloleza. Ndinangodzitengera ngati mmene ndimatengera sopo kwa amayi anu. Pepani.

Tsono Loweruka lija tidzaimba kawiri. Madzulo kudzakhala phokoso la anthu okonda phokoso, kumeneko musabwere. Koma masana, anthu akatha kudya, kudzakhala motere. Masipika adzakhala m'minibasi nditakiya. Makina a utsi ndabweza kale kwa mwini wake. Magetsi adzakhala a holo omwewo, oyera, osathwanima. Zitseko zonse zidzakhala zotsegula, wofuna kutuluka atuluke, wofuna kubwerera abwerere, palibe womucheukira. Wofuna kugwedezeka, kuyendayenda kapena kugona pansi, tikiti ndi yake. Ng'oma idzavala thaulo. Kuwomba m'manja, nthungululu ndi likhweru ndaletsa, ndipo mudziwe kuti pamenepa ndadzidula mwendo ndekha. Sindidzakunyamulani. Sindidzakuitanani. Sindidzakulozani. Za inu sindidzanena kanthu, pokhapokha mutandilembera choti ndinene.

Mwini holo akuti masana sikubwera munthu. Woimba ng'oma wakwiya, akuti iye sanaphunzire ntchito yake kuti azimenya zovala za kubafa. Onsewo ndithana nawo. Amene sindingathane naye ndinu. Weruzani.

Ndine malume wanu,
Kamlomo

Lachitatu, 20 Meyi

Amalume,

Moni. Ndibwera masana. Ndidzakhala pampando wapafupi ndi khomo, osati kutsogolo. Ndidzatenga zotsekera m'makutu. Thaulo likhale lokhuthala.

Munganene ziwiri. Ndimapinda mipendero yowongoka. Kusukulu kuja ndikufunabe kubwererako. Zoti ndine wakuthwa kuposa anthu onse musanene. Simunawayese.

Chikasintha chimodzi mwa zimene mwalemba, ndituluka.

Ajaji

Kamlomo, ndine chemwali wako, ndalanda cholembera. Diresi labwerera pachitseko. Kalata yako waiwerenga mobwereza mpaka yayamba kung'ambika mopindidwamo, ndipo pa tambala paja anaseka, ine ndinamumva. Tsikulo ine sindilowa. Ndidzaima panja ndi chikwama monga ndimachitira paliponse, kuti akathawa apeze munthu. Ukanama pa ichi, mlongo wanga, ndidzakusoka pakamwa ndi ulusi wa matumba, ndipo sindidzakulipiritsa.

Lolemba, 1 Juni

Achemwali,

Moni kwa nyumba yonse, makina osokera omwe. Tinanyamuka m'mawa wa Lamulungu mothamanga, minibasi itachita kukankhidwa, osatsanzikana bwino. Ndipo inu munaphonya zonse, munali panja kuyang'ana msewu ngati mlonda wa banki. Ajaji ndimawadziwa, mukawafunsa angokuuzani kuti zinayamba kenaka zinatha. Ndiye ndikufotokozereni ndine, ndipo ndilemba mosamala chifukwa ndikudziwa amene akuwerenga.

Holo sinadzaze. Koma mwini holo uja, amene amati masana sikubwera munthu, anatuluka thukuta kukatenga mabenchi ena kuseri. Kunabwera mabanja amene mwezi wonse sindinawaonepo. Bambo wina analowa atagwirana dzanja ndi mwana wake wamkulu wandevu, akungocheukacheuka kudikira wowatulutsa. Kamtsikana kena kanagona chagada kutsogolo kwa siteji n'kumaphunzira nsapato zanga. Wina amazungulira holo m'mbalimbali ngati akufuna kuigula.

Ndinaimba nyimbo yoyamba ndi mawu anga enieni, opanda waya. Inenso ndinali ndisanawamve kwa zaka, ndi aang'ono kusiyana ndi mmene ndimaganizira, koma alipo. Nditamaliza kunangoti zii. Achemwali, ndinaima kukamwa kuli yasa ngati nsomba, kudikira m'manja. Ndinaletsa ndekha, koma thupi linali lisanauzidwe. Ndinatsala pang'ono kuika gitala pansi ndidziwombere ndekha. Kenaka ndinaona manja ali m'mwamba akugwedezeka opanda phokoso, ndipo kukhomo kuja diresi la buluu likupita kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo. Munandiuza kalekale kuti akatero ndiye kuti zawakomera. Ndinayamba yachiwiri.

Nthawi yolankhula itakwana ndinanena ziwiri zomwe zija, za mipendero ndi za sukulu, n'kutseka pakamwa. Woimba ng'oma anandisuzumira kuona ngati ndatsamwa. Mayi wa bungwe akuti abwera kwanu sabata ino kuti mupitire limodzi kusukuluko, muwasungire mpando.

Tsono imvani. Tili pakati pa nyimbo ya basi yochedwa, woimba ng'oma zinamulowa m'magazi. Thaulo linatsetsereka iye osaona, ndodo n'kutera pa chikopa chenicheni. Gu! Kamodzi kokha, koma mu holo ya zii zinamveka ngati kwagwa khoma. Kamtsikana kaja kanakwawira pansi pa benchi. Ajaji anadzuka, zotsekera zili kale m'makutu, ulendo wa kukhomo. Inu nthawi imeneyo munali mutatembenuka, mukukangana ndi wogulitsa nthochi.

Ndinasiya kuimba. Pakamwa panga panadzaza mawu okwana kudyetsa tauni yonse, koma ndinalemba kuti sindidzawaitana. Ndinangoima. Iwo anaima pakhomo, phazi limodzi lili kunja. Anaima pamenepo mpaka ine ndinakalamba.

Kenaka anatembenuka. Anadutsa pakati pa mabenchi osayang'ana munthu, anakwera pa siteji, anatola thaulo, analikung'untha, analiyala pa ng'oma. Anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa mapini. Mwana wa telala! Analikoka mbali zonse n'kulilumikiza kunsi, gwa, loti ngakhale njovu imenye silingasunthe. Anamuyang'ana woimba ng'oma pachifuwa n'kunena kuti, "Zinalembedwa." Chimunthu chija, chimene chimakangana ndi apolisi apamsewu, chinavula chipewa n'kuti, "Pepani, bwana."

Anabwerera pampando wawo, anasuntha chotsekera chimodzi, n'kundiuza holo yonse ikumva kuti, "Munalekezera pamene dalaivala wapita kukameta." Ndinayambira pomwepo. Anakhala mpaka nyimbo yomaliza.

Titatha anandithamangira, anandikumbatira mpaka nthiti kulira, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti, "Amalume, padziko lonse lapansi palibe woimba ngati inu."

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo

Ajaji, ndakuonani, mwasiya kuwerenga. Chabwino. Za kukumbatira, za misozi ndi za dziko lonse lapansi ndapeka. Zoona zake ndi izi. Munadikira anthu onse atuluke, munabwera, munagwira ndi chala chimodzi batani la jekete yanga limene likulendewera, n'kunena kuti, "Ili ligwa. Mubwere nayo kunyumba ndidzasoke. Musatumize. Mubwere nokha."

Ndikuyenda nditaligwira ndi dzanja kuti lisagwe ndisanafike.